Mwendo wa Anabatani

Pamsika ponse ankawatchula kuti Anabatani, chifukwa pamilomo pawo sipankasowa batani kapena singano. Ankasoka pakhonde la golosale, ndipo diresi ikatuluka m'manja mwawo, ngakhale apongozi ovuta ankasowa chonena.

Koma kunyumba kunali moto. Amuna awo, owotcherera zitsulo, dzanja silinkachedwa. Mchere ukachepa, khofi. Kasitomala wamwamuna akaseka nawo, chibakera. Tsiku lina anawaponda pantchafu ndi jombo yakuntchito, Anabatani n'kugona masiku asanu atadzitsekera, kuopa maso a anthu.

Podzuka, mwendo wamanzere unali utatupa ngati chipika, ukutentha, katumba akuwawa. Mkulu wawo atabwera kudzawazonda sanafunse zambiri.

"Vala, tiye. Ukakana ndikubereka kumsana."

Kuchipatala anaunika mwendowo n'kupeza kuti magazi aundana mumtsempha. Namwino, mayi waimvi, anakoka katani n'kukhala pabedi.

"Chibulumachi chikanathothoka n'kukafika m'mapapo, bwenzi tikukamba zina. Munatani pantchafupa?"

"Ndinagwa pamasitepe."

"Masitepe akwanu amavala jombo? Mayi, kuvulala chonchi, kenako kugona osayenda, mtima uli m'mwamba tsiku ndi tsiku, magazi sachedwa kuundana. Tsono mankhwala tikupatsaniwa amapangitsa magazi kuti asagwirane. Wina akakumenyani m'mutu mukumwa amenewa, mutha kukha magazi m'kati osaleka."

Anabatani analira mpaka pilo kunyowa. Atatha, anafotokoza zonse, namwino akulemba.

Tsiku lotuluka m'chipatala anapita akutsimphina kunyumba kuja, ali ndi mkulu wawo komanso wapolisi wamkazi. Amuna awo aja anatsamira pamakina osokera.

"Ubwera wekha iwe, njala ikakukwapula."

"Bambo, mwagwira makina anga. Chotsani dzanja."

Bamboyo anayang'ana wapolisi, n'kuchotsa. Khoti linamuletsa kuyandikira Anabatani, ukwati n'kuthera pomwepo.

Mankhwala anamwa miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, mwendo n'kuphwa. Lero ali ndi shopu yawoyawo yamakina atatu, ndipo amasoka ndi amayi awiri. Ola likakwana amaomba m'manja: "Imilirani, atsikana! Magazi si dothi, ayende!" Onse atatu amazungulira msika akuseka, ogulitsa tomato akuwanena kuti asilikali.

Chaka chatha, paukwati wa mwana wa mkulu wawo, Anabatani anavina mpaka chidendene cha nsapato kuthyoka. Anavula zonse ziwiri n'kupitiriza.