Nthambi za Mango Pakhomo Pathu

Izi sindinauzepo munthu. Lero mwana wanga walowa m'nyumba ndi nthambi ya mango, ndipo fungo la utomoni wake landidula mtima.

Kwathu ku Ndirande, kumunsi kwa phiri, nthambi zikayalidwa pamsewu aliyense amadziwa kuti pagwa maliro. Ndili wamng'ono ndinaziyala pakhomo pathu, ndikungosewera. M'nyumba munagona mchimwene wanga wakhanda, akudwala malungo.

Amayi pochokera kumsika anaziona. Dengu linagwa, tomato n'kugubudukira m'ngalande.

"Mayo ine, mwana wanga! Ndangochoka pompano!"

Azimayi oyandikana nafe anathamangira kwathu akumanga zitenje. Kenako amayi anatuluka m'nyumba atakumbatira khandalo, lamoyo.

"Wayala nthambizi ndani?"

Ndinabisa kumbuyo manja anga omata utomoni.