Ndinasinthanitsa ng'ombe za agogo ndi galimoto yofiira

Inu owerenga, cholakwa changa n'chakuti ndinagulitsa ng'ombe za agogo anga kuti ndigule galimoto. Papita zaka zambiri koma mtima sunapole, ndiye ndati ndikuuzeni.

Makolo anga anamwalira ndili khanda, ndipo ndinaleredwa ndi agogo ku Iponga, m'boma la Karonga. Ndinali mwana wofatsa, wongopenyerera. Anzanga akamakamba za abambo awo, ine ndinkayang'ana pansi. Bambo anasiya ng'ombe zingapo, ndipo agogo ankazisunga kuti ndidzalowolere mkazi. Iliyonse anaipatsa dzina. Madzulo ankafukiza ndowe zouma m'khola pothamangitsa udzudzu, uku akuzikalipira ngati ana awo. Chambiko, mkaka wowawasa uja, ndicho chinandikulitsa.

Nditapeza ntchito ya ukalaliki padoko la Chilumba, ndinaona galimoto ya mzungu wina wokonza misewu amene ankaigulitsa chifukwa ankabwerera kwawo. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yonyonyomala pansi ngati mphaka wodikira khoswe. Akailiza, nthaka inkanjenjemera ndipo aliyense ankacheuka. Ine, munthu woti palibe amene anandicheukirapo, tulo tinandithawa. Ndalama zomwe ndinkasunga zinaperewera, choncho ndinapita kumudzi kukapempha ng'ombe zija.

Agogo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anangofunsa kuti, "Kodi galimotoyo imabereka?" Ndinaseka. Kenaka anati, "Ndi za abambo ako, mwana wane. Tenga." Tsiku limene ogula anabwera, iwo analowa m'munda wa nthochi kuti asaone.

Liwiro inali nalo, sindinama. Pamsewu wa tala anthu ankathawira m'mbali. Koma mafuta inkamwa ngati chidakwa, ndipo masiku amenewo mafuta ankasowa. Akuluakulu a chipani ankaibwereka pa misonkhano, nanga ndani akanakana? Njira ya kwathu, yodutsa m'minda ya mpunga, inkaikhula mimba, moti ndinkaisiya kumsewu n'kuyenda wapansi. Agogo anapita komweko kamodzi kuti akwere. Mpando unali wapansi kwambiri, mawondo awo anakana. Anangoisisita pamwamba n'kunena kuti, "Ndagha, zikomo, ndaiona. Uziidyetsa bwino."

Loweruka lina ndinafika kumudzi mosayembekezereka, ndipo ndinaona utsi ukutuluka m'khola. Agogo anali m'menemo okha, akufukiza ndowe zopempha kwa anansi, khola lili lopanda kanthu. Atandiona anachita manyazi, amvekere udzudzu wachuluka chaka chino. Anali ataonda. Iwo amene ankagawira anthu chambiko, tsopano ankadikira kuti wina awakumbukire. Sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi. Akanandikalipira, mwina zikanandipepukira.

Pasanapite nthawi, chitsulo china cha mu injini chinathyoka. Amakaniko kuyambira pa Karonga mpaka ku Mzuzu anapukusa mitu, akuti chotere m'dziko muno mulibe. Galimoto ndinaigulitsa motaya, ndipo zimene ndinapata zinangokwanira kamwana ka ng'ombe kamodzi, kakakazi.

Ndinakakoka ndi chingwe mpaka pakhomo. Agogo anakazungulira, anakagwira nthiti, n'kunena kuti, "Akubera, aka n'koonda." Koma ankaseka, misozi ikutsika, ndipo anali atayamba kale kukapezera udzu. Anakasamala mpaka kanakula. Anamwalira kasanabereke, mkaka wake sanaulawe.

Inu owerenga, sindikunena kuti galimoto yamphamvu ndi yoipa. Koma musanagule chinthu chodula chotere, yang'anani njira ya kwanu, ndipo mufunse ngati chikathyoka chili ndi wochikonza. Makamaka muyang'ane nkhope ya munthu amene akukupatsani chake mosakana. Munthu wokukondani amatha kunena kuti "tenga" mtima ukumuwawa. Ine ndinamva mawuwo, nkhope sindinaiyang'ane.