Mafuta Amene Nanthunzi Ankataya Pawindo

"Poto wanga ndikumufuna lero, osati mawa!"

"Achemwali, ndipatseniko sabata ino yokha."

"Sabata yatha unanenanso zomwezo. Makala wamaliza, nyumba yonse ikununkha bulugamu ngati tonse tikudwala chimfine. Ntchito ndakupezera kale. Mwezi ukatha, ulendo."

Mtsikanayo anthu a mumsewu mwawo ankamutcha Nanthunzi, chifukwa kachipinda kake kakuseri kankangofuka nthunzi. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, mayeso omaliza a sekondale analephera, ndipo ankasungidwa ndi achemwali ake ndi alamu ake, omata matayala. Ntchito ankanenayo inali yokalera ana kutali, kwa anthu osawadziwa n'komwe. Ankadziwa kuti akangokwera basi yopita kumeneko, za sukulu zathera pomwepo.

Anzanga, ngati munalepherapo mayeso, mantha amenewa mukuwadziwa. Umadzuka mtima uli thithithi ngati wina wakuitana, chonsecho palibe amene akukufuna.

Kuseri kwa nyumba kunali mulu wa matayala akale. Mvula ikagwa ankasunga madzi, m'madzimo n'kudzaza mphutsi za udzudzu, ndipo kamwana ka achemwali ake sikankati kachira malungo, kayambanso. Nanthunzi ankakumbukira kuti aphunzitsi a sayansi ananenapo kuti masamba onunkhira, ukawawiritsa n'kugwira nthunzi yake, amatulutsa chinthu chopha mphutsi zimenezi. Vuto lake, tsikulo anangomva theka. Theka linalo maso anali pawindo, akudziona atavala khoti loyera, dzuwa likuwala m'mabotolo ake.

Anadzaza masamba a bulugamu m'poto wa achemwali ake, naboola chivundikiro chake, n'kulowetsamo paipi yochokera m'firiji yakufa, n'kuidutsitsa m'ndowa ya madzi ozizira. Nthunzi ikazizira, madontho ankagwera m'botolo, kununkhira kwake ngati m'mawa wa mvula yoyamba. Pamwamba pa madziwo pankayandama kautoto kopyapyala kachikasu. Iye ankati ndi litsiro la m'paipi. Ankakayengula ndi supuni n'kukataya pawindo, kenaka madzi oyerawo n'kuthira m'zitini momwe anasungamo mphutsi.

Mphutsi zake? Kuvina!

"A Dokotala," alamu ake ankatero akasuzumira, "odwala anuwa anenepatu. Mukuwapatsa mavitamini?"

Iye ankaseka nawo. Anasintha masamba, anawonjeza moto, anayesa makoko a mandimu. Zala zinapsa. Mwezi nawo unali kutha, ndipo chikwama chake achemwali anali atachitsitsa kale pamwamba pa kabati.

M'mawa wina anamva alamu akukuwa kuseri.

"Mlamu! Tathamangani! Mwathira chiyani m'tayala ili?"

Anaganiza kuti waononga katundu wa eni ake, ndipo apa ndiye amuthamangitsa lero lomwe. Anafika akupepesa asanaone n'komwe cholakwacho.

"Musapepese, taonani."

Linali tayala la pansi pa windo lake. Mphutsi zonse zinali zii, zitamira pansi pa madzi. M'tayala loyandikana nalo zinzake zinali pikitipikiti. Nanthunzi anawerama n'kununkhiza. Bulugamu! Anagwira pakamwa. Nthawi yonseyi ankasunga madzi n'kumataya mafuta, mankhwala enieniwo.

Sanadye tsikulo. Anawiritsanso masamba, nayengula kautoto kaja mosamala ngati akunyamula khanda, nadontheza m'chitini chimodzi. Kenaka anakhala pansi kudikira. Nanga bwanji zikapanda kufa? Nanga bwanji ngati m'tayala muja munagwera china? Dzuwa likupendeka, m'chitinimo munalibenso chogwedera.

Anathamangira kwa alangizi azaumoyo, botolo lili m'manja. Mayiwo ananunkhiza, namvetsera mpaka kumapeto.

"Wachita bwino, mwanawe. Koma mafutawa si akumwa, uziwaika patali ndi mwana. Neti musasiye, ndipo matayalawo muwafunditse. Chatsala n'kudziwa muyezo woyenera pa madzi ochuluka. Zimenezo ndiye zimafuna sukulu."

Mawu omalizawo anamutsatira njira yonse.

Mbiri inafalikira mumsewu monse. Wometa anabwera ndi kabotolo kuti akathire m'chithaphwi cha kuseri kwa shopu yake. Mayi wosoka anapempha dontho loti aike m'madzi otentha, azipuma nthunzi yake mphuno zikatseka. Amene ankatseka mphuno podutsa anayamba kumupatsa moni wa ulemu.

Koma tsiku la basi linafikabe. Achemwali anaima pakhomo, chikwama chili m'manja, osadziwa kuti achipereke kapena achibweze. Alamu anapukuta manja pa ovolosi.

"Mlamu, ife takhala tikukukonzerani moyo osakufunsani. Tanenani, inuyo mukufuna chiyani?"

Inu amene mukuwerenga muli ndi mtima wolemera, kaya mayeso anakugwetsani, kaya anthu akulongedzerani kale chikwama, musafulumire kudziyesa litsiro. Yesaninso, muyang'anitsitse chimene mukutayacho, ndipo akakufunsani, musameze mawu. Mtima usafooke!

Nanthunzi anali asanauzepo munthu aliyense zimene ankafuna, poopa kusekedwa. Anayang'ana achemwali ake m'maso.

"Sindikufuna kupita," anatero. "Ndikufuna kubwerera kusukulu. Mayeso aja ndikalembenso."