Banga la Pamsana pa Bambo

"Tsinzinani," anatero namwino dzulo, akundikhudza phazi ndi kaulusi kolimba. Ankayesa ngati shuga wapha mitsempha yotumiza uthenga ku ubongo. Ine ndinamva. Koma kaulusiko kanandikumbutsa singano.

Ndili Sitandade 3, bambo anga ankasoka zovala pakhonde la sitolo ku Malosa. Tsiku lina, amayi atapita kudimba, bambo ananditengera kuseri kwa nyumba n'kuvula malaya. Pamsana panali banga lotuwa, kukula ngati chikhatho changa. Anali atamva kuchipatala kuti banga losamva kuwawa ndi khate. Ndani akanapereka nsalu yake kwa telala wakhate?

Anandipatsa singano yonunkha mafuta a makina.

"Ubaye pabangapo. Ndikamva ndinena."

Anatsinzina. Ndinabaya pang'ono, iwo osagwedezeka. Ndinabayanso mwamphamvu. Kadontho ka magazi kanatsetsereka mpaka palamba.

"Iwe, ukudikira chiyani? Baya!"

"Ndabaya kale, ababa. Kawiri."

Kenaka anavala malaya, namanga mabatani onse mpaka pakhosi. Anatenga singano m'dzanja langa, naisomeka pakolala, n'kulowera njira ya kumtsinje, kudimba kumene kunali amayi.