Ndinagwira Kolala ya Wolondera Njinga

Ndiulule lero. Tsiku lina ndinapalasa njinga ya amalume kuchoka ku Domasi mpaka kumsika wa Zomba. Che Juma, mkulu wolondera njinga, anati ndilipire faifi tambala. Ndinapsa mtima. "Malowa ndi anu?" Ndinangoitsamiritsa pakhoma n'kukagula mchere.

Pobwerako, njinga palibe! Ndinawagwira kolala Che Juma, ndikukuwa kuti wakuba ndi ameneyu. Anthu anaunjikana.

"Achimwene, taonani pansi pa mtengo apo," anatero akuseka. "Ndaisuntha, dzuwa likanaphulitsa chubu."

Njinga ili phee pamthunzi. M'malo mopepesa ndinati, "Ndimangokuyesani ngati muli tcheru." Amayi ogulitsa tomato anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinapalasa mpaka ku Naisi, panjira yobwerera ku Domasi, osacheuka, ndipo mpaka lero Che Juma sindinawapepesebe.