Malole anabwera kudzatenga mavoti athu

Ndine telala, ndipo ntchito yanga ndi kuyeza. Munthu akabwera ndi nsalu sindimufunsa kukula kwa chiuno chake, chifukwa pamenepo aliyense amanama. Ndimatenga tepi n'kuyeza ndekha. Ndiye mpaka lero sindimvetsa kuti chaka cha chisankho chija mutu wanga unapita kuti, kuti ineyo ndikhulupirire zinthu ndili patali, mpaka kusiyitsa munthu ntchito.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ku Zolozolo, mumzinda wa Mzuzu, ndakhalako zaka zambiri, ana anga onse atatu anabadwira komweko. Ndinabwera ndi banja. Bambo a kunyumba kwawo ndi ku Nkhata Bay, munthu wa tayi, woti ngakhale popita kukagula makala amayamba wapolisha nsapato. Tinamanga kumunsi kwa chitunda, pafupi ndi chimene anthu amachitchula kuti ngalande. Ngalande yake iti? Ndi khwawa limene madzi anadzikumbira okha, ndipo chaka chilichonse limadya malo. Mvula ya ku Mzuzu ikayamba siyang'ana kuti ndi mwezi wanji. Chaka chimenecho khoma la bafa lathu linapita ndi madzi, khitchini ya anansi athu inapitanso, ndipo nyumba ziwiri kumunsi zinagwa mbali imodzi eni ake ali kutchalitchi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tinayamba kukumana Loweruka masana pakhonde pomwe ndimasokera. Poyamba tinali amayi okhaokha, kenako abambo anayamba kubwera, mwina poona kuti sitikusiya. Bambo a kunyumba tinawasankha kukhala mlembi, poti Chingerezi chawo n'chakupsa. Analemba makalata okoma opita kwa akuluakulu, ndipo ankayamba atiwerengera mokweza, ife n'kumaomba m'manja ngakhale mawu ena sitinkawamva. Yankho linali limodzi lokha, lakuti tidikire.

Ine kale ndale ndinalibe nazo ntchito, ndinkati n'za anthu osowa chochita. Koma nditaona kuti onse ofuna ukhansala m'dera lathu amakhala kumtunda, kumene madzi amangodutsa, ndinapsa mtima. Ndinauza anzanga kuti tiimike wathu, woima payekha, munthu woti madzi akamalowa m'nyumba zathu alowenso mwa iye. Maso a tonse anapita kwa aphunzitsi ena a sukulu ya pulayimale ya kutsidya kwa khwawa. Anali mayi wamasiye, wobadwira ku Chibanja, wofatsa koma wosagwedezeka, ndipo nyumba yawo inali imodzi mwa ziwiri zinagwa zija. Ana a m'dera lonse anadutsa m'manja mwawo.

Anakana kawiri. Kachitatu ndinawapeza akuchonga makope pakhonde lawo, ndipo anandiuza chifukwa chake.

"Amama, ntchito iyi ndiyo ikudyetsa ana anga. Wa m'boma akafuna kuima pa chisankho amayamba wasiya ntchito. Ndikuopa chomene."

"Aphunzitsi, anthu tili nawo," ndinatero. "Ndawaona ndi maso angawa."

Sindinkanama, ndinkawaonadi. Pa misonkhano yathu tinali ndi mwambo umene ndinauyambitsa ineyo, ndipo ndinkanyada nawo. Tinkakana nsalu za zipani, tinkakana zolandiralandira, koma chinthu chimodzi aliyense ankayenera kubwera nacho, chiphaso chovotera. Tikangotha pemphero ndinkakwera pa benchi n'kunena kuti, "Ziphaso m'mwamba." Manja onse m'mwamba, timapepala tili petupetu kuyambira pakhonde mpaka kumsewu. Wopanda chiphaso tinkamuseka mpaka akalembetse. Ndikaona manja amenewo mtima unkakhala m'malo. Koma tsiku ndi limodzi lomwe sindinatsike pa benchipo kuti nditenge chiphaso cha munthu m'manja, ndiwerenge pamene amalemba malo okavotera.

Aphunzitsi anabwera ku msonkhano umodzi, anaima kumbuyo, anaona manja aja. Patapita sabata anadutsa pakhonde langa akuchokera kusukulu. Anangoti, "Kalata yosiya ntchito ndapereka." Ndinawakumbatira, ndinalira ndi chimwemwe, kupusa kwanga.

Miyezi yotsatirayo tinagwira ntchito ngati abulu. Khomo ndi khomo, tikaweruka kutchalitchi, mpaka kumalire ndi Chiputula. Aphunzitsi sankalonjeza za kumwamba. Ankangotenga anthu n'kukawaimika m'mphepete mwa khwawa, n'kuwaonetsa pamene panali mtengo wa mapeyala chaka chatha. Nyimbo zathu zinali za Chitumbuka, ndipo ine ndinkaimba mokweza kuposa onse ngakhale ankandiseka kuti ndimatchula mawu ngati ndikutafuna chimanga chokazinga. Amene ankayambitsa nyimbo anali mayi wina wogulitsa tomato, wa mawu ngati wayilesi, mnzanga wa ponda apa m'pondepo. Bambo a kunyumba ankayenda kutsogolo ndi chikwama chawo cha makalata.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tivote, ndinadzuka m'mamawa kuti ndikagule ulusi kumsewu, ndikamabwera ndidzere kwa amene tinawasankha kukayang'anira mavoti athu. Kunali chifunga. Ndisanafike kumsewu ndinamva mahutala, kenako ndinaona malole ataima motsatana, anthu akukwera ndi zikwama, ena ndi ana kumsana. Kuno lole yodzaza anthu m'mawa choncho ndiye kuti ndi maliro, ndiye ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndikudzifunsa kuti wamwalira ndani ine osamva. Bambo wina anali ndi chimkuzamawu, akuitana kuti a ku Nkhata Bay akwere yakutsogolo, a ku Rumphi yapakati, a ku Mzimba adikire ina ikubwera.

Ndinaona mayi wa tomato uja akuponya chikwama m'lole yapakati.

"Mwawuka uli, amama," anandipatsa moni akumwetulira.

"Wamwalira ndani?"

Anaseka. "Palibe maliro. Tikupita kukavota."

"Kukavota kuti?"

"Kukaya," anatero, kutanthauza kumudzi kwawo. "Amene akufuna uphungu kwathu atitumizira galimoto."

Ndinamva ngati sindinamve bwino. Ndinamuuza kuti andipatse chiphaso chake, ndipo anachitulutsa pachifuwa mosavuta, chomwe chija ankachikweza Loweruka lililonse. Ndinawerenga. Panali dzina la sukulu ya ku Rumphi. Ndinatembenuka n'kulanda cha mayi wina amene ankasenza madzi akumwa pa misonkhano yathu. Cha ku Rumphi. Cha bambo wina wokhoma zidebe, amene khitchini yake inapita ndi madzi, cha ku Nkhata Bay. Ndinayenda m'mbali mwa malolewo ndikuyang'ana nkhope, ndipo nkhope iliyonse ndinkaidziwa. Anali anthu anga, gulu lathu lenileni, oimba athu.

"Nanga aphunzitsi?" ndinafunsa mayi wa tomato.

"Aphunzitsi tikuwafunira zabwino chomene. Tikawapempherera, adzapambana."

"Adzapambana ndi mavoti a ndani?"

Anandiyang'ana modabwa, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri. Sankabisa kanthu, sankaona cholakwa. Anandifotokozera mofatsa ngati akuuza mwana, kuti m'tauni timangokhalamo, koma munthu amalembetsa kwawo. Ukapanda kukavota kwanu abale amati wadzitaya, ndipo tsiku la maliro ako ukafika m'bokosi amayamba kufunsana kuti ameneyu ndi wa kuti. Iye ankaganiza kuti ine ndikudziwa. Ankaganizanso kuti anthu ovota kuno alipo ena ambirimbiri, ndipo ntchito yake inali kuimba kuti amenewo amve.

Ndinati ndithamange ndikauze mlembi wathu, bambo a kunyumba, mwina iwo ophunzira adziwa chochita. Anali atatuluka ine ndisanadzuke, ndipo ndinkayesa kuti adzera kuofesi kwawo. Podutsa kutsogolo kwa lole ya ku Nkhata Bay ndinaona tayi. Anali atakhala pafupi ndi dalaivala, chikwama cha makalata chili pamiyendo, akuyang'ana kumbali ngati pali china chosangalatsa kumeneko.

Koma abale. Ndinagogoda pagalasi mpaka anatsitsa.

"Bambo a ana, tsikani."

"My dear, musandichititse manyazi pagulu."

"Ndipatseni chiphaso."

Anachedwa, koma anapereka. Sukulu ya kumudzi kwawo, kunyanja. Analembetsa nthawi imene anapita kukavundukula chiliza cha bambo awo. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti zisankho zonse zam'mbuyo ankapita kunyanja, ine n'kumati akukaona amayi, poti masiku amenewo za mavoti sindinkazilabadira.

"Makalata munalemba ndi dzanja lanu," ndinatero. "Munali pomwepo ndikamauza aphunzitsi kuti anthu tili nawo. Munangokhala chete bwanji?"

"Simunandifunse kumene ndinalembetsa. Munati ziphaso m'mwamba, ine ndinakweza."

"Inuyo, wophunzira?"

"Kwanu n'kwanu, mayi. Kuno tinangobwerera ntchito."

"Nanga nyumba imene ikugwera m'khwawa ndi ya ndani? Ana anu anabadwira kuti?"

Anatambasula dzanja kuti ndiwabwezere chiphaso, ndipo ndinaganiza zoching'amba pomwepo, Mulungu andikhululukire. Koma chikanathandiza chiyani, nthawi yosamutsa malo ovotera inali itadutsa kalekale. Ndinawaponyera pamiyendo. Lole inanyamuka, ndipo kumbuyo kwake anthu anayamba nyimbo, imodzi mwa nyimbo zathu zomwe. Ena ankandibayibitsa.

Ulusi sindinagule. Ndinapita molunjika kwa aphunzitsi, ndinawapeza akusita diresi yoti avale mawa lake. Ndinawauza zonse nditaimirira pakhomo, chifukwa ndikanakhala pansi sindikanatha kuyankhula. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anaika simbi pansi bwinobwino, n'kufunsa kuti, "Atsala ndani?"

Sindinkadziwa. Tsiku lonselo tinayenda awiriwiri khomo ndi khomo, tsopano tikuwerenga chiphaso chilichonse ndi maso. Otsala anali obadwira m'tauni momwemo ngati aphunzitsi, ndi ife a kutali, a ku Ntcheu, a ku Mulanje, amene kwathu n'kotalika moti palibe amene angatumize lole. Makomo ambiri tinapeza maloko. Pena tinkapeza agogo akusunga ana, n'kutiuza mokondwa kuti eni nyumba apita kukaya. Khomo lililonse lokhoma ndinkaliona ngati landimenya mbama, koma aphunzitsi sanadandaule ngakhale kamodzi. Ankangothokoza kuti yewo, n'kupitirira.

Mawa lake tinavota. Mzere wa pasukulu yathu unali waufupi moti dzuwa lisanafike pamutu tonse tinali titabwerera kunyumba. Aphunzitsi anakhala achiwiri. Kusiyana kwawo ndi amene anapambana, lole imodzi yokha ikanakwanira.

Bambo a kunyumba anabwera patapita masiku awiri, chala chili ndi inki, atanyamula ufa wa kondowole ndi nsomba zouma. Anati wa kwawo wapambana, ndipo ananena akumwetulira, kenako anaona nkhope yanga n'kusiya. Nsombazo ndinapereka kwa anansi. Tinatha sabata tikuyankhulana kudzera mwa ana. Mayi wa tomato anabwera kudzandipepesa ngati pachitika ngozi yochokera kumwamba, anati anthu a ku Zolozolo ndi osayamika, sanawavotere bwanji aphunzitsi abwino chonchija.

Chimene ndinkaopa chinali kukumana ndi aphunzitsi. Ndinamva kuti anapita kukafunsa ngati angabwerere pa ntchito, ndipo anawauza kuti pamalo pawo analowa kale wina, ayambirenso kufunsira ngati wina aliyense. Ndinkati ndipite, ndikafika pakati panjira n'kubwerera. Ndikananena chiyani? Ine ndi amene ndinati ndawaona ndi maso.

Anabwera okha. Linali Lolemba m'mawa, ndikutsegula makina. Anavala siketi ndi jekete ya kuntchito, nsapato zopukuta, kachikwama pamkono, tsitsi atapesa bwino.

"Ndinadzuka, ndinasamba, ndinavala," anatero. "Ndakumbukira ndili kale panjira. Ndikhale nawo pano pang'ono, kunyumba ana angadabwe."

Ndinawapatsa malo. Ndinayamba kunena kuti aphunzitsi, ine ndinalakwa, ndikanawerenga, koma anakweza dzanja.

"Zisiyeni, amama. Nanenso ndinaona manja aja. Ine ndi amene ndimaphunzitsa anthu kuwerenga."

Ndinaika nsalu pa makina koma phazi linkakana kupalasa. Kenako kutsidya kwa khwawa belu la sukulu linalira. Aphunzitsi anadzambatuka, anawongola siketi, anatenga kachikwama, anayenda mapazi awiri. Anaima. Anabwerera n'kukhalanso pansi, kachikwama kali pamiyendo, atakagwira ndi manja onse awiri.

"Sokani, amama," anatero. "Musandiyang'ane."