Kadontho Kakuda Pansi pa Diso

M'kanjira ka kuseri kwa msika ku Nagoya, aliyense ankadziwa kuti a Hisao Kuwabara sakhala pansi. Tiyi ankamwa choimirira, mpunga ankadya akuyendayenda, moti akazi awo, malemu a Sumie, ankati mpando wa bambowa utha kugulitsidwa ngati watsopano.

Ntchito ndiyo inawaumba choncho. Ankapanga maswiti a nkhope. Ankatenga shuga wophika akadali wofewa n'kumasanja mizere italiitali: wakuda wa diso, wofiira wa mlomo, woyera wa masaya, mpaka kupanga chipika chonenepa ngati ntchafu. Kenako n'kuchikoka kuti chiwonde ngati chala, chitalike kudzaza tebulo lonse. Ukadula paliponse, nkhope ndi yomweyo, bola mpeni ugwe mowongoka. Ukapendeka, nkhope imatalika ngati ya hatchi. Koma chipika chotentha sachisiya. Ukangoleka kuchigubuduza chimaphwatalala, nkhope n'kuwonongeka kuyambira kuno mpaka uko. Ndiye pamafunika anthu awiri, wokoka ndi wogubuduza. Kwa zaka makumi atatu wogubuduza anali a Sumie, ndipo switi imene inatchukitsa shopuyo inali ya nkhope yawo, yokhala ndi kadontho kakuda pansi pa diso lamanzere.

Chimwalirireni a Sumie, mkuluyu sanapangenso nkhope. Ankangodula maswiti a ngodya zitatu, opanda maso, amene munthu amatha kupanga yekha.

Tsono mwana wawo mmodzi yekhayo, Tomoe, ankakwatiwa Loweruka, ndipo pa mwambo wa kumeneko mkwatibwi sachoka pakhomo anthu asanawazidwe maswiti kuchokera m'chipinda cha pamwamba. Mwana wa wopanga maswiti n'kuwaza ogula m'sitolo? A Kuwabara analumbira kuti switi iliyonse idzakhala ndi nkhope ya Tomoe. Kulumbira n'kosavuta. Anazengereza ndi mantha mpaka Lachisanu, nthawi itangotsala ya mphika umodzi, ndipo wogubuduza anali mkwatibwi yemweyo.

"Bambo, taimani malo amodzi, mukundizunguza mutu," anatero Tomoe.

"Ndiime shuga akuzizira? Gubuduza iwe. Manja a muofesiwa ngati ukusisita mphaka."

"Ndiye mukanaitana mphakayo adzakuthandizeni."

"Pakamwa pokha ndiye unatengera amayi ako."

Manja a mkuluyo ankathamanga okha, mzere pamwamba pa mzere, osayang'ana n'komwe chithunzi cha Tomoe chimene anamata pakhoma. Mtima unali m'malere, pakuti nkhope siioneka bwino mpaka utadula. Anakoka, Tomoe akugubuduza, thukuta lili kamukamu, mpaka ndodo za switi zinadzaza tebulo n'kuuma.

Mkuluyo anadula kachidutswa koyamba n'kukayang'anira pawindo. Kanali kozungulira bwino, maso ofanana, mlomo womwetulira. Ndipo pansi pa diso lamanzere panali kadontho kakuda. Tomoe alibe kadontho.

Anadula pakati pa ndodo. Anathamangira kumapeto kwa tebulo n'kudulanso, ngati kuti sadziwa kuti chimene waika poyamba chimayenda mpaka kothera. Kamzere kakuda kamene manja awo anazolowera kwa zaka makumi atatu kanali mu ndodo iliyonse, ndipo panalibe mpeni woti n'kukachotsa. Anachita manyazi, manyazi a mmisiri amene walakwitsa pamaso pa mwana wake.

"Ndakulakwira mwanawe," anatero akuzungulira tebulo. "Si iwe uyu. Ndiyatsanso moto, mwina pofika mawa..."

"Tandionetseni."

Tomoe anaika kachidutswako pachikhatho n'kukayang'ana nthawi yaitali. Anagwira tsaya lake, pamene panalibe kanthu.

"Musayatse moto, bambo. Sabata yonseyi sindikugona, kuganiza kuti amayi sadzakhalapo." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Tidule onse. Aliyense wobwera mawa awatole."

A Kuwabara anasuzumira uku ndi uku kufuna chochita, osachipeza. Kenako anakoka mpando uja, wafumbi, n'kukhala. Misozi inatsika, iwo osaibisa. Tomoe anatenga mpeni n'kuyamba kudula.

"Uwongole mpeniwo," anatero mkuluyo ali pampando. "Ungawatalikitse nkhope amayi ako."